Chikhatho cha a Silas

Ku Domasi kuno mukafunsa za a Silas, anthu amangotambasula dzanja n'kuseka. Bambo amenewa anamanga zitsulo za m'konkire zaka makumi awiri osagwirako tepi yoyezera. Chikhatho chawo, kuyambira chala chachikulu kukafika chaching'ono, chinali masentimita makumi awiri ndendende, ndipo ankachinyadira kuposa ana awo. Ainjiniya akayeza m'mbuyo mwawo ankangopukusa mutu.

Ndiye kunapezeka ntchito ku Zomba, nyumba ya nsanjika zinayi yokhala ndi chikepe. A Silas anawaika ukapitawo pa khoma la mpata woyendamo chikepecho. Iwo anatengako mlamu wawo Brighton, chimunthu cha manja ngati mafosholo.

Lachitatu lina kumudzi kunagwa maliro.

"Alamu, ntchito isaime," anatero a Silas akukwera njinga. "Chitsulo, chikhatho, chitsulo, chikhatho. Mwamva?"

Brighton anamva, komanso anamvera. Kungoti chikhatho anayezera chake.

Pobwerera Loweruka a Silas anapeza konkire itathiridwa kale, khoma lili see, losalala. Koma pakona panali mulu wa zitsulo zomwe anadula okha, zoyenera kukhala m'kati mwa khomalo. Anaitana Brighton n'kusanjika dzanja lawo pa lake. Lawo linangosowa.

Khoma silikanaulula, Brighton naye sakanaulula. Koma iwo akangotsegula pakamwa, ukapitawo watha, dzina lathanso. Anakhala pa thumba la simenti mpaka dzuwa kupendeka, m'maso mukungobwera chikepe chodzaza anthu chikulendewera pa khoma limenelo. Kenaka anadzuka kupita kwa injiniya, mayi Zulfa.

"Mayi, khoma lija lachepa zitsulo. Zatalikirana."

"Walakwitsa ndani?"

"Ine ndemwe," anatero akukweza dzanja. "Muyezo ndinapita nawo kumaliro."

Mayi Zulfa sanaseke ayi.

Kukonzako kunadya milungu itatu. Anagoba khoma lonse kunja kuti likhakhale, anaboola mabowo, n'kulowetsamo tizitsulo tomata ndi guluu wake. Pamenepo anamangirirapo ukonde wina wa zitsulo, n'kuthira konkire yatsopano, khoma kunenepa ngati lavala jekete. Mayi aja anali pompo tsiku lililonse, kuyeza mpata uliwonse, a Silas akungoyang'ana kumbali.

Khoma linakhoza mayeso. Ukapitawo unapita, ndipo sunabwererenso. Tsiku lomaliza mayi Zulfa anawapatsa tepi yachikasu.

"Iyi ndiye muzisiya pantchito mukamapita kumaliro, bambo Silas."

Lero a Silas amamanga matanki a madzi ndi timilatho m'dera lino, tepi ili m'chiuno. Amayeza nayo chilichonse, ngakhale mizere ya mpunga, mpaka akazi awo anawaletsa kulowa nayo m'tchalitchi. Brighton za zitsulo anasiya. Amagulitsa mizimbe pa Malosa, ndipo podula amayezabe ndi chikhatho chake chija. Ogula sachoka pamenepo.