Ulusi Wowawa

Ndikukumbukira tsiku limene makina opeta a Amama anafika kwathu, pa kamsika ka m'mbali mwa msewu wopita kwa Mwase. Anabwera pa minibasi kuchokera ku Chipata atakulungidwa m'bulangeti ngati wodwala, Adada atawakumbatira njira yonse. Kuti makinawo agulidwe panapita ng'ombe yathu yolima, Bantomu, ndipo zimenezi sizinawakomere Adada Aakulu, mkulu wawo wa Adada, amene ankayang'anira khola la banja lonse. Atamva kuti makinawo ndi opeta, anaseka mpaka kutsokomola. Anati kupeta amapeta ndi lichero, ndipo lichero silinadyepo ng'ombe ya munthu.

Sanali makina opalasa ndi mapazi ngati amene Amama anakulira nawo. Awa anali a magetsi, okhala ndi kagalasi kowala. Munthu unkangolowetsa fulashi, kachipangizo kosunga zithunzi, kusankha maluwa kapena mawu, kenako makinawo n'kumalemba okha pansalu ndi ulusi wonyezimira. Miyezi ya chilimwe yonse anagwira ntchito popanda chovuta. Anapeta nsalu za patebulo, nsalu za kutchalitchi ndi mayina pa majuzi a ana a sukulu, moti anthu ankaima pawindo ndi njinga zawo kuti angoonerera. Vuto linali limodzi lokha: maso a Amama sankaonanso bwino kabowo ka singano. Choncho ntchito yolowetsa ulusi inali ya Adada, ndipo ankaigwira mwamatama. Pajatu iwo anali katswiri wosoka fodya, ndiye ankati singano ndi singano basi, kaya yaikulu kaya yaing'ono.

Dzinja litafika pakati, aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu anabweretsa thumba la zipewa zobiriwira, zija zokhala ndi mlomo kutsogolo, zimene kwathu timati visote. Zinali za ife ana amene tinasankhidwa kukaguba ku boma pa tsiku la achinyamata, ndipo ankafuna kuti pa chipewa chilichonse palembedwe mawu akuti TILIMBIKE ndi ulusi wachikasu. Ine ndinali mu giredi seveni, ndipo woyenda kutsogolo ndi ndodo ndinali ineyo. Tangoganizani mmene ndinkayendera sabata imeneyo! Ndodo ndi yanga, zipewa akupeta ndi amayi anga. Ngakhale potunga madzi ndinkaguba.

Chipewa si nsalu ya patebulo. N'chokhota, n'cholimba, ndipo pakati penipeni pa chipumi pamadutsa msoko wokhuthala. Amama anamanga chipewa choyamba pa chitsulo chake chozungulira, n'kudina batani. Makina analemba T, analemba I, L, kenako I wina, bwinobwino. Atafika pa M, amene anagwera pamsoko paja, tinangomva kuti thu! Ulusi waduka, makina ayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Amama anaitana Adada kuchokera kuchigafa, kumene ankapachika fodya wongothyola kumene. Anabwera, analowetsa ulusi, anabwerera. Sipanapite nthawi, thu! Anaitanidwanso. Pofika masana, pamalo pa M panali patabowoka ngati padya njenjete, ndipo chipewacho chinaponyedwa pambali chili ndi mawu akuti TILI basi.

Amama si munthu wogonja msanga. Anaimbira foni bambo amene anawagulitsa makinawo, ndipo iye anawalangiza moleza mtima. Anasintha singano n'kuika yatsopano, yokulirapo. Anamasula pang'ono kagudumu kamene kamakhwimitsa ulusi. Anachepetsa liwiro mpaka makina ankayenda ngati akuopa kuponda minga. Anakoka chipewa kuti chigwire chitsulo zolimba, anachotsa fumbi lonse kumene kumakhala bobini ya ulusi wapansi, ndipo msoko uja ankaufewetsa ndi ayironi, n'kuumenya ndi kahamala. Malangizo onsewo anali oona, mpaka lero ndimawatsatira. Koma ulusi unkadukabe, ndipo m'malo mopepuka zinthu zinkaipiraipira. Unayamba kuduka ngakhale pa T, pamene palibe msoko. M'nyumba munadzaza tizidutswa tachikasu, tina m'tsitsi la Amama, tina pa miyendo ya nkhuku.

Kutatsala masiku ochepa, Adada Aakulu anabwera masana, anakhala pampando wa pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo. Ine ndinali nditangofika kuchokera kokonzekera kuguba, ndipo ndinamva zonse ndili pakhomo.

"Nakamba naye kale telala wa ku boma," iwo anauza Adada. "Afuna kutenga mashini, atipatse ng'ombe yaikazi. Visote ivi vikakanga, basi, chinthu ichi chichoke pano. Banja lisasekedwe kawili."

Adada anangoyang'ana pansi. Amama anali mkati, ndipo anamva. Sanalire, anangopitiriza kuchotsa ulusi woduka. Zinandipweteka kwambiri. Ndinkadziwa kuti makina amenewa akachoka, sipadzapezekanso munthu m'banja mwathu womvera Amama akanena kuti akufuna kuyesa chinthu.

Ndinalowa n'kukhala pansi pafupi nawo. Pofuna kuthandiza, ndinatola nsonga ya ulusi kuti ndiyese kulowetsa ndekha, ndipo ndinachita zimene mtsikana aliyense amachita ndi singano ya m'manja: ndinaika nsongayo pakamwa kuti inyowe. Mayo ine, kuwawa kwake! Ndinalavula. Koma kuwawako ndinkakudziwa bwino. Mwana aliyense amene anathyolapo fodya, kenako n'kudya gwafa osasamba m'manja, sangakuiwale. Masamba aawisi a fodya amasiya utomoni wakuda, womata, umene umakanirira m'zala ngakhale upukute pa thalauza.

Ndinatsatira njira ya ulusi ndi maso, kuchoka pa singano kukwera m'mwamba. Pali timbale tiwiri tachitsulo timene timapana ulusi kuti uziyenda mofanana. Nditatikanula ndi chikhadabo, ndinapeza pakati pake pali litsiro lakuda, lomata, litagwira ubweya wa ulusi. Timabowo tonse tinali chimodzimodzi. Pamenepo nkhani yonse inandionekera. M'chilimwe manja a Adada anali oyera chifukwa kumunda kunalibe fodya. Tsopano ulusi ukaduka, ankabwera kuchokera kuchigafa, n'kuugwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akathandiza kwambiri, ulusi unkamatanso kwambiri.

Ndinapatsa Amama kachidutswa kuti alawe. Anakwinya nkhope, anandiyang'ana, kenako anayang'ana kukhonde. Tonse awiri tinadziwa vuto latsopano. Mwana wamkazi sangaime pamaso pa bambo ake, mkulu wawo ali pomwepo, n'kunena kuti manja anu ndi amene akuwononga. Mkazinso sangatero pamaso pa alamu ake.

Sindikudziwa kumene nzeruyo inachokera, koma mpaka lero ndimainyadira. Ndinapita kuseri, ndinatenga beseni, jagi ya madzi ofunda, sopo ndi mchenga wodzaza dzanja. Ndinafika pakhonde, ndinagwada pamaso pa Adada monga timachitira chakudya chikapsa, n'kuyamba kuthira madzi.

"Ah, Tiwonge, vakudya vapsa kale?" Adada anafunsa uku akutambasula manja.

"Iyayi, Adada," ndinayankha maso ali pansi. "Ni mashini ili na njala."

Adada anayang'ana sopo, anayang'ana mchenga, kenako anatembenuza manja awo n'kuwayang'anitsitsa ngati ndi a munthu wina. Zala zinali bii mpaka m'zikhadabo. Ananyambita chala chimodzi, nkhope n'kukwinyika. Ndinkaopa kuti akalipa. Koma anayamba kuseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka misozi.

"Nyazimba!" Adada anaitana Amama ndi dzina la kwawo. "Mfiti yapezeka. Inali kugona m'nyumba mwako!"

Anasamba ndi mchenga mpaka manja anafiira, koma utomoni wa fodya suchoka tsiku limodzi. Amama anandituma kukagula sipiriti pa shopu. Tinanyowetsa kansalu, n'kukadutsitsa pakati pa timbale tija ndi m'timabowo tonse mpaka kanasiya kuda. Tinataya ulusi wonse umene unagwiridwa, tinaikanso singano ina. Itafika nthawi yolowetsa ulusi, Adada anaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa mzere, n'kunena kuti maso ndi zala za ntchito imeneyi zilipo kale m'nyumba muno. Ndinalowetsa ndine.

Amama anadina batani. T, I, L, I. Singano itayandikira msoko, ngakhale Adada Aakulu anali ataima pakhomo, khosi lili m'kati. Makina anagogoda mwamphamvu pa M, anagogodanso, n'kuwoloka. B, I, K, E. Palibe anaomba m'manja. Amama anachotsa chipewacho, anadula timaulusi totsalira, n'kuchipereka kwa alamu awo ndi manja awiri. Iwo anachitembenuza uku ndi uku, anapalasa zilembozo ndi chala, kenako anafunsa ngati makinawo angathe kulemba dzina la munthu pa jekete. Za telala wa ku boma sizinamvekenso.

Pa tsiku loguba kunacha bwino, dzuwa likuwala pa matope. Tinadutsa pakati pa boma ng'oma zikulira, zipewa zathu zikunyezimira, ine ndikuponya ndodo m'mwamba kuposa mmene aphunzitsi anandiuzira. Amayi ena m'mbali mwa msewu ankafunsana kuti visote vimenevi vachokera ku Lusaka kapena kuti, ndipo ndinamva mawu a Amama akuyankha kuti vachokera kwa Mwase. Pafupi nawo panaima Adada, atavala chipewa chowonongeka chija. Mnzawo wina anawapatsa moni wa Chitumbuka kuti, "Muli uli?" Iwo analoza pachipumi pamene panalembedwa TILI, n'kumalizitsa ndi pakamwa kuti, "makola!" Tili makola, ndiye kuti tili bwino. Kuyambira tsiku limenelo, umenewo unakhala moni wawo.

Lero zinthu zinasintha. Ndili ndi shopu yanga ku boma, ndipo makina anga amadula okha ulusi, amandiuzanso pa galasi pamene pavuta. Atsikana amene ndimawaphunzitsa akaona ulusi ukuduka amathamangira pa foni kukafufuza, ndipo amapeza mayankho abwino. Koma amadabwa kuti pakhomo pa shopu pamakhala beseni ndi sopo, komanso kuti ulusi ukavuta, ine ndimayamba ndaulawa. Makina akale aja akadali kwa Amama, ndipo sanachokepo m'nyumba ija.

Adada anasiya kulima fodya, manja awo tsopano ndi osalala. Chipewa chija chinasuluka, mlomo wake unathyoka, koma amachivalabe akamabwera ku boma. Chaka chatha ndinawapempha kuti andipatse ndimalizitse mawuwo, popeza ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Anachigwira ndi manja onse awiri ngati ndikufuna kuwalanda.

"Chisiye," anatero. "Visote vinango vija analemba ni mashini. Ichi tinalemba tonse."