Nyimbo ya Che Amidu Yasowa Oivomera

Lolemba m'mawa ndikusita malaya, wailesi inandikumbutsa kuti pa 21 Juni ndi Tsiku la Nyimbo la Padziko Lonse. Mtsikana amene ankaulutsa mawuyo anali wansangala ndithu. Anati tsikuli si la akatswiri okha ayi, aliyense atha kutengapo mbali: tulutsani gitala pakhonde, imbani pamsika, phunzitsani mwana nyimbo imodzi, kapena jambulani gulu la kwanu ndi foni kuti dziko lonse limve.

Gulu la kwanu! Ndinaika simbi pansi.

Ine ndimakhala ku Norton, kuno ku Zimbabwe, koma ndinabadwira m'komboni ya purazi ina, munda waukulu wa fodya, pafupi ndi Selous. Gulu la kwathu linali la beni, gule uja amuna amavala makhaki ndi kuguba ngati asilikali, wezulo ali pakamwa. Malemu bambo anga ankaimba ng'oma yaing'ono. Ng'oma yaikulu inali ya Che Amidu, Msilamu wa ku Mangochi amene anabwera kuno ali kamnyamata pambuyo pa bambo ake. Iwo ndiwo ankayambitsanso nyimbo, komboni yonse n'kuvomera. Fodya akagulitsidwa, tinkakwera ngolo ya thirakitala Lamlungu kukapikisana ndi mapurazi ena, mpaka kubwerera mawu atasasa.

Ndiye ndinati m'mtima, bwanji ndikawajambule chaka chino?

Lachitatu ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, n'kutsikira pa Selous, kwinako ndinayenda wapansi. Chigawireni boma mapurazi aja kwa anthu ena, komboni yathu yakhala ikutha pang'onopang'ono. Nyumba zina madenga anagwa, zina mukhala anthu amene sindikuwadziwa. Che Amidu ndinawapeza atakhala padzuwa kuseri kwa nyumba yawo, atavala jekete ziwiri chifukwa cha chisanu cha mwezi uno.

"Odi, Che Amidu!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ana a masiku ano amangowati Sekuru, agogo m'Chishona, choncho dzinalo linawadzidzimutsa.

"Ameneyu ndi mwana wa Yohane," anatero. "Mayendedwe ndi omwewo. Khala pansi, mwanangu. Wabwera ndi uthenga wa maliro?"

"Ayi, bambo. Ndabwera ndi nkhani ya beni."

Nditawafotokozera za tsikulo anaseka mpaka kutsokomola.

"Dziko lonse? Ndi ku Mangochi komwe adzamva?"

"Adzamva, bambo."

"Ndiye tiyeni tiitane anthu."

Anayamba kutchula maina, koma dzina lililonse ankaliyankha okha. Lufeyo wa wezulo anapita kukakumba golide cha ku Chegutu, sanamvekenso. Che Saidi anamwalira chaka chatha. Ana a Phiri, amene ankaguba patsogolo, ali ku Joni. Wina anatsatira mwana wake ku Centenary. Wina alipo, koma miyendo inafa. Chala chawo chimene ankalozera nyumba za anthuwo chinatsika chokha.

"Esinati alipo," anatero pomaliza. "Esinati akavomera, ngakhale mtengo umavina."

Mayi Esinati ndiwo ankatsogolera amayi povomera nyimbo. Tinawapeza m'shedi ya mwini puloti wina akusankha fodya, pa ganyu amene kuno timati maricho. Fumbi la fodya linali tolo, mpaka ine maso anayamba kuyabwa. Anandikumbatira, koma moni wawo ndinachita kutchera khutu kuti ndiumve.

"Mwanangu, mawu aja anatha," ananong'ona, akuloza pakhosi. "Fodyayu anadya. Komanso ndikachoka pano masana ano, mawa pakhala wina pa benchi ili. Madzulo tidya chiyani?"

Che Amidu sanawakakamize. Anangoti, "Zikomo, mayi," n'kutembenuka.

Pobwerera tinadzera pa bwalo limene tinkavinira. Tsopano ndi munda wa tirigu, wobiriwira bwino, mipope ikuwaza madzi. Mwini wake, bambo waulemu ndithu, anatipatsa moni. Atamva nkhani yathu anati m'Chishona, "Ridzai henyu, sekuru," kutanthauza kuti imbani, palibe choletsa. Anangopempha kuti tisaponde mbewu. Sananene choipa chilichonse. Koma beni ndi gule woguba, ndipo poguba panalibe.

Tinabwerera pakhomo. Che Amidu analowa m'nyumba n'kutuluka akukoka ng'oma ija, yokutidwa ndi saka. Chikopa chinali chitalefuka ndi kuzizira. Tinakoleza moto wa mapesi, iwo n'kumaiwamba moleza mtima, akuigogoda ndi chala mpaka inayamba kulankhula. Ndinatulutsa foni.

Abale anga, manja aja akadali amoyo! Ng'oma italira, ndinamva m'mimba mwanga monga ndinkamvera ndili mwana. Msana wa Che Amidu unawongoka. Kenaka anakweza mawu n'kuyambitsa nyimbo imene anapeka okha kalekale, yoseka foromani amene anagona fodya ali pamoto:

"Foromani wagona, fodya wapsa!"

Apa m'pamene anthu onse ankayankha, amayi pamwamba, abambo pansi, wezulo n'kulira. Che Amidu anasiya mpata wake ndendende monga kale.

Kunali zii.

Anabwerezanso. Ndinayesa kuvomera ndekha, koma mawu a munthu mmodzi pamalo a komboni yonse amamveka ngati mwana wankhuku wotayika. Iwo anapitiriza, akuyang'ana uku ndi uku, ngati kuti anthu atulukira kuseri kwa nyumba.

Anatulukiradi munthu mmodzi. Anali mayi wachitsikana wa nyumba yapafupi, akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Ndiani afa?" anafunsa m'Chishona, kupuma kuli pamwamba. Ankafuna kudziwa amene wamwalira.

Ng'oma inaleka pomwepo.

Mayiyo sanalakwe. Chibwerereni iye m'komboni muja, ng'oma amaimva pamaliro pokha. Tinamuuza kuti palibe wamwalira, iye anapepesa n'kubwerera ku ntchito zake. Che Amidu anaika manja pa chikopa. Ine ndinazimitsa foni.

Tsopano ndikufunseni, inu owerenga. Tsiku la nyimbo limeneli analikonzera ndani?

Sindikulinyoza ayi. Ndi maganizo abwino kuti tsiku limodzi pa chaka anthu atuluke, aimbe mwaulere, msewu ukhale wa aliyense. Koma malangizo onse aja amayamba ndi chinthu chimene amayesa kuti aliyense ali nacho. Imbani pakhonde panu: nanga ngati khondelo si lanu? Sonkhanitsani anzanu: nanga ngati anzanuwo ali m'maenje a golide, ku Joni ndi kumanda? Phunzitsani mwana: mwana uti, poti ana athu akamva Chichewa pagulu amayang'ana kumbali?

Timakonda kunena kuti magule athu anaphedwa ndi mafoni ndi nyimbo za m'makombi. Kunena choncho n'kosavuta, chifukwa mlandu umagwera achinyamata. Koma beni sanaphedwe ndi foni. Beni ankafuna anthu okhala pamodzi chaka ndi chaka, odziwana mawu, okhala ndi Lamlungu lopuma ndi bwalo lopondapo. Sindikunena kuti moyo wa pa purazi unali wokoma. Makolo athu ankagwira ntchito yowawa, ndipo nyimbo zambiri za beni zinali zodandaula zomwezo. Koma ankadandaula pamodzi. Lero aliyense akudandaula yekha, pa maricho a tsiku limodzi, pa munda wa munthu wina.

Ndipo manyazi nawo anatidya. Amene tinakulira m'makomboni tikudziwa maina amene ankatitchula kusukulu. Ambiri tinaphunzira kubisa chilankhulo, ena mpaka kusintha maina. Lero malamulo a dziko lino amati Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo zake zovomerezeka. Zikomo kwambiri. Koma lamulo silivomera nyimbo. Likhoza kulembedwa bwino chotani, mpata uja Che Amidu anasiya ukhalabe zii.

Wina anena kuti, "Ukanangojambulabe, n'kuika pa intaneti, mwina wina akanathandiza." Kanemayo ndili naye. Ndamuonera kangapo. Muli nkhalamba imodzi, ng'oma imodzi ndi mawu anga osokonekera. Ndikamutumiza, anthu adzati, "Mayo, agogowa!" n'kupita pa kanema wina. Adzaganiza kuti beni ndi ameneyo. Si ameneyo ayi. Beni anali phokoso la anthu ochuluka, fumbi lofika m'mano, amayi akululutira. Chimene ndinajambula ine ndi malo amene beni anali.

Dzuwa litapendeka ndinayamba kutsanzika. Che Amidu anandigwira dzanja.

"Dikira. Ng'omayi utenge."

"Nditenge bwanji, bambo? Ndi yanu."

"Mwezi wamawa ndikuchoka pano," anatero. "Mwini malo akufuna nyumbayi, akuti alowemo munthu wogwira ntchito. Sindikumuda. Ine mphamvu zosankha fodya zinatha. Mwana wanga wamkazi wa ku Chegutu wati ndipite, koma ali ndi chipinda chimodzi cha lendi, iye ndi ana. Ine ndikagona pakhomo. Ng'oma ikagona pati?"

"Nanga kumudzi, ku Mangochi?"

Anaseka pang'ono. "Ndikafunse nyumba ya yani? Amene ankandidziwa onse anagona. Kuno ndine wa ku Malawi, kumeneko ndikakhala wa ku Zimbabwe."

Ndinawauza zoona, kuti ine ng'oma sinditha kuimba, ndipo kumene ndimakhala nanenso ndi kwa lendi, mwini nyumba safuna phokoso.

"Sindinati ukaimbe," anayankha. "Ndati ukasunge. Pano ikatsala, aiwaza nkhuni chisanu chisanathe."

Anaikutanso ndi saka lija, n'kumanga ndi luzi mosamala ngati akumanga katundu wa mwana wopita kutali. Anandiperekeza mpaka pamene munda wa tirigu umathera. Pamenepo anaigogoda kamodzi ndi chala, pamwamba pa saka, n'kubwerera osacheuka.

Ng'omayo ili kwanga tsopano, pakona, pakati pa kabati ndi thumba la ufa. Alendo akabwera amaiyesa mpando.

Pa 21 Juni mizinda ya dziko lonse idzaimba, ndipo ndikufunira onse tsiku labwino. Koma inu a ku Norton, a ku Selous, a ku Centenary, inu amene makolo anu anabwera kuno wapansi kudzalima fodya wa eni, musanakweze wailesi tsiku limenelo ganizani za nkhalamba imene yatsala kwanu. Ikadzayambitsa nyimbo n'kusiya mpata, alipo pakhomo panu amene akudziwa mawu oyankha?