Chingwe cha m'Thanki ya Sitima

Nyanja yamchere ndinaiona koyamba ndili kale ndi imvi. Chaka chimenecho chimanga chinauma ku Likoswe chisanamasule. Alamu anga, amuna a chemwali wanga, anati tipite ku Nacala, kudoko kuli ganyu. Makolo athu anachokera cha komweko, Chilomwe timachidziwa, sitikasochera. Tinapita.

Ntchito inali yotsuka mathanki a sitima. Sitima zazikulu zija zimamwa mafuta akuda, olemera ngati phula. Kapitawo anatiuza kuti utsi wake ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula, ndiye eni sitima alamulidwa kuti azithira mafuta oyerako. Koma oyerawo sungawathire pamwamba pa nsenga zakale. Pamafunika munthu atsike, apale ndi fosholo.

Alamu anaseka. "Mwamva, alamu? Tikukonza mvula ya kwathu. Pobwerera akatilandire ndi nthungululu."

"Palani kaye," ndinatero.

Tinkagwira awiriawiri. Wina amatsika pa bowo, chingwe m'chiuno. Wina amatsala pamwamba, kugwira chingwe ndi kukoka ndowa. Mpweya wa mkatimo ndi woipa, umagoneka munthu asakudziwa. Ndiye pangano lathu linali lakuti wapansi azimenya khoma ndi fosholo pafupipafupi, kawiri. Go, go. Ukamva, ali moyo. Kukati zii, koka.

Tsiku limenelo wotsika ndinali ine. Mutu unkandiwawa ndi fungo la dzulo lake. Ndinapempha alamu kuti tisinthane.

"Ulesi basi," anatero akumanga chingwe. "Chemwali wanu ndikamuuza."

Anatsika. Dzuwa linali pamutu, chitsulo chikuwotcha kumapazi. Ndowa yoyamba inakwera, yachiwiri, yachitatu. Kenako ndowa zinaleka. Koma kugogoda ndinkakumva. Go, go. Ndinati akupala pakona. Ndinakhala pansi nkumayang'ana mbalame pamadzi. Go, go.

Wogogodayo anali wa thanki ina, kuseri kwa khoma lomwelo. Chitsulo chimayendetsa phokoso. Ndinazindikira munthuyo atatuluka pa bowo lake akupukuta nkhope, kugogoda nkutha.

Ndinakoka. Chingwe chinakana. Tinakoka anthu anayi. Alamu anatuluka ali bii thupi lonse, maso ali chitsegukire.

Mapepala owolokera malire ndi maliro tinalibe. Tinawaika konko, kumanda a alendo. Kumudzi ndinafika ndi nsapato zawo ndi bodza. Ndinati anali malungo, masiku atatu, anatsirizikira m'chipatala. Achibale anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, tinakaliika m'manda m'malo mwa munthu. Ndinanyamula nawo. Phewa langa linadziwa kuti si iwo.

Kuyambira pamenepo sindikhala pafupi ndi chitsulo chomenyedwa. Belu la kutchalitchi kwathu ndi limu ya galimoto yopachika mumtengo. Akaimenya kawiri, manja anga amafunafuna chingwe. Wokhoma ndowa akakhala pamsika, ndimazungulira njira ya kumunda. Anthu amati ndinabwerako ndi mtima wouma. 

Mvula sinakonzeke. Patapita zaka inagwa masiku angapo osakata, mapiri anagumuka, matope anatsika ndi miyala. Manda a kwathu ali m'mbali mwa khwawa. Madzi anatenga mbali ya kumunsi, pamodzi ndi mtumbira wa alamu.

Chemwali anandipeza ndikufukula mizere ya nandolo m'matope.

"Achimwene, nthochi ija yapita."

"Ndaona."

"Sindikulira nthochi. Mundiperekeze ku Nacala. Ndikaone pamene anagona, ndikaonenso chipatala chija. Mbuzi ndagulitsa kale."

Chipatala choti ndikamusonyeze kunalibe. Kudoko aliko anthu amene tinakoka nawo chingwe. Akangomuona adzanena. Akamve kwa alendo, mlongo wake ndili chiimire pambali?

Ndinaika khasu pansi. Ndinamuuza zonse: mafuta, bowo, mutu wanga, kusinthana, kugogoda kwa munthu wina. Kumaso sindinamuyang'ane. Ndinkayang'ana matope.

Nditamaliza, anafunsa.

"Tsikulo linali lanu?"

"Langa."

"Chingwe munagwira ndinu?"

"Ndine."

"Zaka zonsezi ine ndikutukwana udzudzu." Anamangitsa chitenje. "Loweruka tinyamuka. Ndipo simukandidikira panja. Mukafika nane pa mtumbira."

Njira yonse sanandiyankhule. Pamalire anapereka yekha mapepala ake. Chinangwa chimene anatenga anadya yekha.

Kudoko sitima zinalipo zambiri, zina zatsopano, utsi wake wochepa. Sindinaziyang'ane kawiri. Tinakwera kumanda. Malo aja anali atadzaza. Mitumbira yakale inaphwa, udzu unamera, kamtengo kamene ndinazika panalibe. Ndinazungulira katatu. Ndikanatha kuloza paliponse, iye nkugwada, tibwerere.

"Sindikudziwa ndi pati," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Sanalire.

Tili chiimire, kumunsi kudoko wina anamenya chitsulo. Kawiri. Manja anga anafumbata okha. Chemwali anayang'ana manjawo, kenako anatembenukira kunyanja.

"Kunkamveka chonchi?"

"Chonchi."

"Ndiye khalani chete, ndimve nawo."

Tinaima padzuwa, tikumvetsera, mpaka munthuyo analeka.