Azakhali a pa Uvuni

Abambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za alamu anga, amene mpingo wonse unkangowatchula kuti Azakhali. Akuti ndilembe mofatsa. Ndiyesa, koma sindikulonjeza.

Anali oyamba kubadwa, ndipo sukulu anaisiyira panjira kuti alere ang'ono awo, mmodzi mwa iwo malemu amuna anga. Sanakwatiwe. Misa sankajomba, kolona sinkachoka m'thumba la epuloni.

Amuna anga ankaphika buledi ku bekale. Atadwala chifuwa, Azakhali anavala ovololo yawo n'kukaima pa uvuni kuti ntchito isathe. Bwana sanadandaule, buledi ankatuluka bwino kuposa kale. Malipiro ankabwera athunthu poti anali m'dzina la mwamuna. Amuna anga atamwalira, bwana analemba Azakhali m'dzina lawolawo, n'kudula malipirowo. Uvuni womwewo, matumba a fulawa omwewo, manja omwewo.

"Mkazi amadyetsedwa ndi mwamuna," anatero bwana.

"Wangayo ndi uti, bwana? Mundilozere ndikamuphikire," anayankha Azakhali akuseka.

Ine ndinati aisiye ntchitoyo. Iwo anati, "Mlamu, mkwiyo sapaka pa buledi. Anawa adya chiyani?" Ana anga anayi anakula ndi thukuta lawo. Mtima wawo wonse unali pa mwana wanga wamkazi, kuti adzakhale namwino asadzaime pa uvuni wa munthu.

Lamulo loti ntchito yofanana malipiro ofanana litabwera, tinavina m'nyumba. Bwana anangosintha dzina la ntchito, Azakhali n'kukhala "othandizira". Kuthandizira ndani? Amuna amene Azakhaliwo anawaphunzitsa okha kukanda fulawa! Chaka chomwecho fizi inatikanika, mwana uja anabwerera kunyumba kuchokera kusukulu ndi katundu wake. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona Azakhali akulira, kuseri kwa tchalitchi. Atapukuta misozi analowa n'kukagwada.

Atakalamba, mikono ili zipsera zokhazokha, ankakolopabe m'tchalitchi mpaka mawondo anakana. Anatisiya mwamtendere atadzozedwa mafuta a odwala, akupempherera ana anga mmodzimmodzi, ndi bwana yemwe.

Kumanda bwanayo anaimirira nati, "Mayiwa ankagwira ntchito ngati mwamuna."

Ine ndili chikhalire pansi ndinati, "Kani munkadziwa?"

Amayi a kwaya anandikoka chovala kuti ndikhale chete, koma mawu anali atatuluka kale.

Azakhali anakhululuka zonse, ndipo inu tsanzirani iwowo. Ine sindinafike pamenepo. Mundipempherere.