Chaka Chimene Tiyi wa Azakhali Anasiya Kusefukira

Maganizo opita ku Joni anandibwerera ndikutsuka makapu kuseri kwa tiyirumu ya azakhali anga ku Chinsapo. Palibe amene anandithamangitsa. Ndinali nditakhala nawo zaka ziwiri chichokereni kwathu ku Dedza, kumene mayeso a Fomu 4 sanandiyendere bwino. Tsiku limenelo mnzanga wa kutchalitchi, Beatrice, anatumiza uthenga kuchokera ku Cape Town kuti pamalo omwera khofi pamene ankagwira ntchito pakufunika mtsikana. Ndinawauza azakhali madzulo ake, maso ali pansi. Iwo anapitiriza kukanda ufa wa sikono za mawa.

"Pita, Enelesi," anatero. "Ukaona zimene amachita kumeneko uzikandiuza. Ine sindinapiteko patali kuposa pa Lizulu."

Tiyirumuyo inali chipinda chimodzi, mabenchi awiri ndi tebulo lalitali loyalidwa pulasitiki. Anthu ankangoti kwa Anambewe. M'mawa munkadzaza alonda oweruka kuntchito, akabaza, ndi amayi opita kukaoda tomato. Masana kunkakhala mpunga ndi nyemba. Azakhali ankaika kapu yaikulu pa mbale yakuya n'kuthira tiyi mpaka asefukire ndi kudzaza mbaleyo. Munthu ankayamba kumwa wa m'mbale chifukwa amazirala msanga, kenako wa m'kapu. Ndipo sankafunsa munthu chimene akufuna. Ankadziwa. Abambo Kachingwe, mlonda wachikulire wa kusitolo ina m'tauni, akangoponda pakhomo, sikono ziwiri zopserera pansi zinkakhala zafika kale pamalo pawo.

Tsiku langa loyamba ku Cape Town, bambo wina wovala jekete anaitanitsa tiyi. Ndinkafunitsitsa kuti mwini malowo aone kuti sanalakwitse kundilemba ntchito. Ndinathira mpaka tiyi anadzaza kambale ka pansi pa kapu, ndinanyamula ndi manja awiri, ndipo pofika patebulo ndinagwada pang'ono monga anandiphunzitsira amayi. Bamboyo anachotsa foni yake patebulo mofulumira. Mwini malo anabwera ndi kansalu, akupepesa m'Chingerezi chothamanga chimene sindinamve chonse. Kukhitchini atsikana anzanga anaseka mpaka wina anakhala pansi pa thumba la ufa. Mwezi wonse ankanditchula dzina lina la chilankhulo chawo, lotanthauza madzi osefukira.

"Kuno si kumudzi," Beatrice anandiuza tili m'basi pobwerera. "Ndine ndinakubweretsa. Usandichititse manyazi."

Anandichotsa kumatebulo n'kundiika kotsuka mbale kwa masabata angapo. Zimenezi sindinauze aliyense kunyumba. M'malo mwake ndinajambula uthenga wa mawu, chifukwa azakhali amawerenga movutikira. Ndinati, "Azakhali, kuno tiyi sasefukira. Amati ndi uve. Anthu ozindikira amathira n'kusiya kampata pamwamba." Ndinalankhula ngati munthu amene anabadwa akudziwa.

Yankho linabwera mawa lake. "Chabwino mwanangu, ndamva. China n'chiyani?"

Tsiku langa lopuma linali Lolemba, tsiku limene anzanga atatu amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi ankakhala kuntchito. Ndinalibe woti ndicheze naye, choncho ndinkayenda. Ndinkalowa m'mabekale aang'ono a m'dera lathu, imodzi pa sabata, n'kugula chinthu chimodzi chotsika mtengo kuti ndipeze chifukwa chokhalira pampando wa pawindo. Ndinalawa buledi wopindapinda amene amayoyoka ukangoluma, ndi keke yofewa ya mkaka yowaza sinamoni. Ndinalawa timikate topota tonyowa ndi madzi a shuga, totsekemera mpaka mano kuwawa. Kwina ndinapeza mandasi aakulu oika nyama yogaya m'kati, ndipo ndinadya masana amenewo misozi ikulengeza, chifukwa fungo la mafuta ake linali la ku Chinsapo. Wogulitsa sanandiyang'ane n'komwe. Kumeneko ukhoza kulira pagulu, aliyense n'kumangoyang'ana foni yake.

Ndikatuluka ndinkajambula uthenga. Za kuzizira kwa chipinda chathu sindinkanena. Za mantha a mapepala anga amene ankatha masiku sindinkanenanso. Ndinkanena za makapu. Ndinati makapu azikhala aang'ono, oyera, ofanana. Ndinati shuga azikhala m'kambale payekha. Sikono zizikhala zazing'ono, zofanana msinkhu, ndipo zopserera asamagulitse. Alembe zogulitsa pabolodi. Munthu akalowa, amuimirire kutsogolo n'kumufunsa kuti, "Mufuna chiyani?" chifukwa ndi mmene amachitira pamalo aulemu. Ndalama zimene ndinkasunga podya kamodzi patsiku ndinkatumiza, zina kwa amayi ku Dedza, zina kwa azakhali kuti agule makapu oyerawo ndi kabati yagalasi. Nthawi zonse yankho linali lomwelo: ndachita mwanangu, china n'chiyani? Ndikamva mawu amenewo ndinkayenda mowongoka tsiku lonse. Padziko lonse panali munthu mmodzi amene ankaganiza kuti ndimadziwa zinthu.

Ndinabwerera patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Malo omwera khofi aja anagulitsidwa, ndipo mwini watsopano sankafuna anthu a mapepala ngati anga. Ndinatsika basi ndi chikwama chimodzi ndi bulangete la azakhali.

M'mawa mwake ndinalawirira ku tiyirumu. Munali mokongola. Makapu oyera anali pamzere, bolodi linali pakhoma, sikono zinali m'kabati yagalasi ngati zapachithunzi. Koma nthawi imene kale munthu ankasowa poponda, ndinapeza anthu awiri okha, ndipo mmodzi ankangodikira kuti foni yake ilowe moto.

"Anthu masiku ano alibe ndalama," azakhali anatero, akupukuta tebulo loyera kale.

Ndinawakhulupirira tsiku limodzi. Kenako ndinaona kuti ufa akukandira m'kabeseni kakang'ono, beseni lalikulu lija akusungiramo makala. Masana sanaphike mpunga. Anati anasiya kalekale.

Ndinawauza kuti ndikufuna ndikaone mmene ena akuchitira. Lachiwiri ndinapita ku Biwi, ku bekale ina pafupi ndi magalaja, kumene amakaniko ankadya mabanzi otentha ndi tchipisi ataimirira, manja ali bii ndi mafuta a galimoto. Lachitatu ndinadya chigumu ndi thobwa ku Kawale, m'kanyumba kamene tinkakhudzana mawondo. Ku Chipasula ndinapeza mayi wina wa zitumbuwa, mzere utafika kumsewu. Kulikonse kunali anthu, ndipo palibe amene anali wolemera kuposa makasitomala athu akale. Ndinkabwerera kunyumba mimba itakhuta, ndikudziwa kuti vuto si ndalama.

Lachisanu sindinapite kutali. Kuseri kwa chigayo, ulendo wa mphindi zisanu kuchokera kwa azakhali, kunali tiyirumu yamalata imene kunalibe pamene ndinkachoka. Panja panali njinga za kabaza zambiri. Ndinalowa mwakachetechete, ndikuganiza kuti ndi kunenepa kwangaku palibe angandizindikire.

"Si Enelesi uyu?" Anali Abambo Kachingwe, mbale ya tiyi ili kukamwa. "Wa ku Joni uja. Mupatseni wa m'kapu yaikulu, aone mmene timamwera ife osazindikira."

"Ndi amene anatumiza timakapu tija?" anafunsa wakabaza wina wovala chipewa chofiira. "Tija tomwetsera mwana mankhwala a chifuwa?"

"Ine ndinamwa tinayi," anatero mnzake. "Pofika pa siteji ndinali nditaiwala kuti ndamwa tiyi."

Anaseka onse. Ndinapereka moni kwa Abambo Kachingwe n'kukhala kumapeto kwa benchi. Iwo anadikira kuti phokoso lithe.

"Mwana iwe, kuchepa kwa tiyi si nkhani," anatero. "Ine ndayamba kumwa kwa Anambewe mwana wanga wachitatu asanabadwe. Pano ali ku sekondale. Tsiku lina ndaweruka, ndalowa, ndakhala pamalo panga. Iwo andiimirira kutsogolo, manja kumbuyo, akuti, 'Mufuna chiyani?' Ndinacheuka kuti mwina kumbuyo kwanga kwalowa mlendo. Ndinati mwina ndawalakwira. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinapempha zopserera zanga, akuti zimenezo sagulitsanso."

Anamwa pang'ono, kenako anatsitsa mawu, ngakhale aliyense ankamvabe.

"M'dera muno akuti Anambewe alemera ndi ndalama za ku Joni, ndiye ayamba kunyada. Ngakhale kumaliro amayi anzawo amanena zimenezo. Ine sindinavomereze. Komanso sindinakane."

Tiyi amene anandipatsa ndinamwa yense, wa m'mbale ndi wa m'kapu, chifukwa kumusiya kukanakhala kuwonjezera mlandu. Kukoma kwake sindinakumve.

Ndinawapeza azakhali masana akutsuka makapu amene sanagwire ntchito. Ndinatenga kansalu n'kuyamba kupukuta, kuti ndisawayang'ane kumaso. Ndinawauza zonse: bambo wa jekete, foni yake, mtsikana amene anakhala pa thumba la ufa, dzina limene ankanditchula. Ndinawauza kuti uthenga woyamba uja ndinaujambula maso atatupa ndi kulira.

"Unagwadanso?" anafunsa.

"Ndinagwada."

Anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa.

"Azakhali, bwanji simunandiuze kuti anthu athawa?"

Anaika kapu pa thireyi mosamala. "Ndikakufunsa kuti uli bwanji, unkayankha mawu awiri. Ndili bwino. Ndikakufunsa za makapu, unkalankhula mpaka foni kutentha. Ndiye ndinkamvetsera mawu akowo. Ndinkadziwa kuti lero wadya, lero uli ndi chimfine, lero walira. Ndikanakuuza kuti anthu athawa, ukanakhala chete, ndipo ine ndikanawauza chiyani amayi ako akandifunsa?"

"Mukanangomvera osachita."

"Unkapempha zithunzi." Anapukuta manja pa chitenje. "Komanso usadzisenzetse zonse. Inenso ndinkaganiza kuti mwina ukudziwadi. Munthu ukakhala malo amodzi zaka zonsezi, umayamba kukayikira kuti mwina umachita zinthu mopusa, anthu akungokulekerera."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka kwa akabaza. Manyazi anga ndinawatumiza pafoni, iwo anawalandira ndi manja awiri n'kuwasandutsa awo.

Makapu aakulu anali m'katoni pansi pa bedi, ndipo kuwatulutsa sikunavute. Chovuta chinali mbiri ya azakhali. Anthu sakanabwerera kwa munthu amene amamuganizira kuti amawanyoza, ndipo azakhali sakanapita khomo ndi khomo kukadziyeretsa. Wodziwa chiyambi cha nkhaniyi ndinali ine.

Ine ndine munthu amene kusukulu ndinkadziwa yankho koma osakweza dzanja. Loweruka m'mawa ndinapita kuseri kwa chigayo, ndinaima pakhomo pa tiyirumu ya eni ake, n'kupempha mwini wakeyo kuti andilole ndilankhule. Ndinawauza anthu onse amene anali m'menemo zimene zinandichitikira tsiku loyamba ku Cape Town. Sindinasiye chilichonse, ngakhale kugwada kuja. Ndinati azakhali anga sananyadepo, anangomvera mwana amene ankawanamiza kuti akudziwa, pamene iye ankatsuka mbale kukhitchini.

Kenako wa chipewa chofiira uja anafunsa kuti, "Ndiye mzunguyo anamwa wa m'mbaleyo?"

"Sanamwe."

"Wopusa. Ndiye wokomayo."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Wina anandiuza kuti ndibwereze pamene bamboyo ankachotsa foni, ndipo ndinabwereza. Pofika masana nkhaniyo inali itafika pa siteji, pamsika, ndi kwa amayi a kutchalitchi. Lamulungu sindinathe kudzutsa mutu.

Si onse amene anabwerera. Akabaza ambiri anazolowera kuseri kwa chigayo, ndipo mwini wake ndi munthu wabwino, sindingamunenere zoipa. Mpunga wa masana sitinayambirebe. Koma Abambo Kachingwe anabwera patatha sabata, ndi alonda anzawo awiri, ndipo amayi a tomato anayamba kudutsira kwathu mmodzimmodzi. Zoti Anambewe ndi onyada sizikumvekanso. Zimene zikumveka pano n'zakuti ali ndi mwana wa mchimwene wawo amene anakwera basi masiku atatu kukagwadira munthu wosadziwa kumwa tiyi.

Ndimagwira ntchito m'tiyirumu momwemo pamene ndikufunafuna ina. Tsiku silidutsa popanda wina kundikumbutsa, ndipo ndimachitabe manyazi ngati tsiku loyamba. Ku Cape Town atsikana aja akamandiseka ankaimirira patali. Dzulo amayi ena a tomato ankafotokozera mnzawo watsopano nkhani yanga yonse, ine ndili pomwepo ndi ketulo m'manja, mpaka kuyerekezera mmene ndinagwadira. Atamaliza anasunthira mkati pa benchi, n'kumenya ndi dzanja pamalo pamene anasiyapo.

"Khala apa, wa ku Joni," anatero. "Wayimirira kuyambira m'mawa. Wadya?"