Khadi la Mgonero la a Chikoti

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi a Bernard Chikoti sanaphonyepo Mgonero. Chaka chino khadi lawo, limene Mkhristu amaonetsa kuti akhale pa gome, lili m'thumba mwa mkulu wa mpingo, losasayinidwa.

A Chikoti amaonetsa makanema pa Nsaru, m'kanyumba ka malata kuseri kwa ogula mtedza. Muli mabenchi asanu ndi awiri, batire la sola ndi maikolofoni yomanga ndi mphira. Chingerezi sachimva kwenikweni. Sukulu analekeza Sitandade 7, chaka chimene bambo awo anamwalira fodya ali m'chigafa. Choncho kanema akayamba amatsitsa mawu a azunguwo n'kumafotokoza okha m'Chichewa, potsata zimene maso akuona.

Anthu amafuna makanema a nkhonya, koma iwo mtima uli pa a zombo zopita ku nyenyezi. Nkhani zimene anakula nazo n'za ku Sande sukulu, ndipo amaziona paliponse. Chombo chikanyamula mbewu kuthawa dziko lowonongeka, amati ndi chingalawa cha chigumula. Munthu wachitsulo akaukira omupanga, amapukusa mutu n'kuti, "Wadya chipatso uyu."

"A Chikoti, tabwerera kanema ife, osati ulaliki!" amakuwa Januario wa kabaza.

"Khala pansi iwe, mutu wakowo ukutchinga mwezi."

Zinachitika mu Okutobala, tsiku la msika, malata akulira ndi dzuwa. M'kanemamo munatsala anthu anayi m'chombo, mpweya ukutha, ndipo mmodzi anayenera kutuluka osabwereranso kuti anzake apulumuke. Asanatuluke anatenga kabuledi komaliza, n'kukanyema, n'kugawira anzakewo. Pakamwa pa a Chikoti panatuluka mawu amene abusa okha amanena ponyema mkate pa Mgonero. Anawanena onse, mosaphonya, pa maikolofoni. Palibe anaseka. Mayi wina wogulitsa tomato anaweramitsa mutu.

Patapita sabata, a Dyson, mkulu wa mpingo wa dera lawo, anawapeza kumunda akuunda mizere m'dothi louma.

"Nkhani ija yafika kwa abusa," anatero a Dyson, njinga ili m'manja. "Akulu agwirizana kuti muime pamaso pa mpingo, munene kuti chinali chibwana, mupepese. Mukatero khadi ndisayina tsiku lomwelo."

"Kupepesa ndipepesa, akulu. Mawu aja si anga, ndikudziwa. Koma kunena kuti chinali chibwana, ayi. Munthu uja anafera anzake. Ine ndinalibe mawu ena."

"Ndi kanema chabe, a Chikoti! Mzungu uja ali moyo, pano akudya mpunga kwawo."

"Ndikudziwa."

"Nanga tsono?"

A Chikoti anapitiriza kuunda mizere. A Dyson anadikira pang'ono, kenako anakwera njinga.

Kunyumba akazi awo, a Enifa, ankasenda mtedza wa mbewu. Anamvetsera mpaka pomaliza, manja osaleka ntchito.

"Ingonenani, bambo a Pamela. Chibwana, basi. Kodi mawu amodziwo angakutsamweni? Ku chigwirizano amayi akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku."

"Ndikanama pamaso pa mpingo kuti ndidye Mgonero, ndidzaudya bwanji?"

A Enifa anatola lichero n'kulowa m'nyumba.

Mvula inabwera mochedwa. Anthu anadzala, ndipo pa Nsaru mabenchi anayamba kukhala opanda anthu, ena chifukwa cha minda, ena chifukwa chomva kuti akulu a mpingo sakondwa ndi malowo. Masana ena a Chikoti anafotokozera kanema yense munthu mmodzi yekha, amene anangolowa kuthawa mvula.

Sabata la Mgonero linafika chimanga chili m'maondo. Ulaliki utatha, mlembi analengeza kuti opanda makhadi atuluke. Anatuluka ana, anatuluka a kalasi amene sanabatizidwe, ndipo pambuyo pawo anatuluka a Chikoti, imvi zili mbuu, jekete atamanga mabatani onse. Ana anathamangira ku mitengo ya mango. Iwo anaima pakhonde, madzi a padenga akudontha pafupi ndi nsapato zawo.

Pawindo mawu a abusa ankamveka bwino. A Chikoti anazindikira kuti milomo yawo ikutsatira mawuwo, ndipo anaitseka. Anamva timakapu tikugundana m'thireyi, mzere ndi mzere, mpaka benchi limene iwo amakhala.

Anthu atatuluka, a Dyson anapatsa a Chikoti moni wa dzanja n'kunong'ona kuti akulu adzaionanso nkhaniyi pokolola, ngati a Chikotiwo adzakhale atasintha maganizo. A Chikoti anathokoza. A Enifa anali atatsogola kale ndi amayi anzawo, ambulera itatambasulidwa, ndipo iwo anatsatira patali m'njira yamatope.