Chaka Chimene Limba Linakhala Chete

Ndinalowa kwaya ya tchalitchi chathu ku Shawlands m'chaka chachiwiri nditafika ku Glasgow. Tchalitchicho n'chachikulu kuposa anthu amene amapempheramo, ndipo nthawi yachisanu timaimba titavala majekete. M'kwayamo wochokera ku Malawi ndinali ndekha, ndipo ngakhale ndinali mayi wa ana awiri akusekondale, ambiri ankanditenga ngati mtsikana.

Kuimba sindinaphunzirire kuno. Bambo anga akhala akuphunzitsa kwaya ku Domasi kuyambira ndisanabadwe, ndipo ife ana awo tinadziwa do, re, mi tisanadziwe kulemba mayina athu. Kutchalitchi kwathu kunalibe limba. Bambo ankangong'ung'udza liwu loyambira, n'kukweza dzanja, basi nyimbo yayamba. Ku Shawlands aliyense maso ankakhala m'buku, makutu ali ku limba. Woimba limbayo, yemwenso ankatsogolera kwaya, anali mayi wina wachikulire, wamfupi, wosafuna macheza nthawi ya pulakatisi.

Chapakati pa Novembala chaka chimenecho, mayiwa anaterereka pa madzi oundana akutsika basi, n'kuthyoka dzanja lamanja. Anawaika chikhakha. Kunali kutatsala masabata asanu kuti tichite mapemphero a nyimbo za Khirisimasi, tsiku limene tchalitchi chimadzaza mpaka kukhomo.

Lachinayi lotsatira abusa anabwera ku pulakatisi. Anati afunsa paliponse, koma nyengo imeneyi aliyense wodziwa limba amakhala atatengedwa kale. Anabweretsa nyimbo zojambulidwa kuti tiziimba motsatira sipika. Tinayesa ziwiri. Makina sadikira munthu: ife tikamapuma mpweya, iwo anali atalowa kale ndime ina. Anthu anayamba kutseka mabuku mokhumudwa.

"Abusa," ndinatero, "bwanji tingoimba popanda limba?"

Amene anandiyankha sanali abusa. Anali mayi wina wa sopulano, mphunzitsi wopuma pantchito, yemwe anali ataimba m'kwayamo kwa zaka zambiri kuposa wina aliyense.

"Sizingatheke. Mawu adzatsika, tikamafika ndime yachitatu tidzakhala tili m'dzenje."

"Kwathu timaimba choncho Lamulungu lililonse, mayi, ndipo sitigwa."

Mayi a limba anali atakhala pabenchi yakutsogolo, dzanja lili pachifuwa. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa:

"Inu mungathe kuwatsogolera?"

"Ndingathe."

Sindinanene modzitama. Ndinkadziwa zimene ndinakulira nazo, ngati mmene munthu amadziwira njira ya kumunda kwawo.

Sabata yotsatira ndinawatulutsa m'mabenchi a kwaya n'kupita nawo mu holo yomwera tiyi. Ndinawaimika mozungulira, phewa ndi phewa, kuti azimvana. Mawu anatsikadi, monga ananenera mayi a sopulano, ndipo iwo anandiyang'ana. Pamenepo ndinatenga cholembera n'kulemba mbali ya besi pabolodi mmene bambo ankalembera, do, so, la, fa.

Bambo wina wa besi, wazaka zoposa makumi asanu ndi atatu, amene paunyamata wawo ankapanga sitima zapamadzi, anayandikira bolodi. Anavula magalasi, n'kuwavalanso. Kenako anaimba mzere wonse osaphonya, dzanja likukwera ndi kutsika lokha.

"Izi anatiphunzitsa kusukulu tili ana," anatero. "Ndinkaganiza kuti zinafa kalekale. Inu munazitenga kuti?"

Ndinawauza kuti anthu akwawo konkuno ndiwo anabwera nazo kwathu pamodzi ndi Baibulo, ife n'kuzisunga.

"Ndiye mwatibwezera katundu wathu," anatero akuseka.

Kuyambira tsikulo besi inaima nji, ndipo besi ikalimba ena onse amapeza popondera. Tinawonjezera pulakatisi ina Loweruka masana. Ndinkaphunzitsa mbali imodzi imodzi, ena akumwa tiyi, kenako n'kuziphatikiza. Mabuku ndinawalola, koma ndinati aliyense azikweza maso kumayambiriro ndi kumapeto a mzere.

Mayi a limba sankajomba. Ankakhala pakona pafupi ndi hita, ndipo tikamaliza ankandiitanira pambali. Tsiku lina anandiuza kuti ndimakoka mawu kwambiri, kuti nyimbo zawo sizifuna kutsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina ngati mmene ndinkachitira. Ndinapsa mtima pang'ono m'basi pobwerera, koma nditaimba ndekha kukhitchini ndinamva kuti akunena zoona. Pa nyimbo zawo ndinatsatira zawo. Koma pamene anati ndisamagwedeze thupi potsogolera, ndinawauza mwaulemu kuti chimenecho chokha sindingathe.

Pa sabata yachitatu ndinabweretsa nyimbo imene bambo anga anapeka okha, yosalembedwa m'buku lililonse, yonena za abusa a nkhosa akupeza mwana m'khola la ng'ombe. Mawu oti ng'ombe anatidyera theka la ola. Ena ankati ngombe, ena nombe. Mwana wanga wamkazi, amene amandiyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow ngakhale ndimulankhule Chichewa, anali atandiperekeza tsikulo, ndipo ndiye anawathandiza. Anawapezera mawu a chinenero chawo amene amathera ndi kamvekedwe komweko, n'kuwauza kuti ayambire pamenepo. Zinatheka.

Ndinajambula pafoni n'kutumiza ku Domasi. Bambo anaimba foni m'mawa mwake.

"Mwana wanga, azunguwo akuimba bwino. Koma a tena akuthamanga pa ndime yachiwiri. Uwagwire."

Ndinawagwira.

Tsikulo linafika kukugwa mvula yozizira. Pofika folo koloko kunja kunali kutada kale, ndipo anthu ankalowa akukutumula maambulera. Anabweranso Amalawi anzathu ochokera ku Sighthill ndi ophunzira angapo a ku Hillhead, atamva kuti m'tchalitchi cha Asikoti muimbidwa Chichewa. Magetsi anazimitsidwa, aliyense atagwira kandulo.

Nyimbo ziwiri zoyamba zinayenda bwino. Pa yachitatu ndinalakwitsa ndine. Ndinapereka liwu loyambira lokwera kwambiri, ndipo ndinazindikira titalowa kale. Kutsogolo kunali malo amene sopulano imakwera pamwamba penipeni, ndipo ndinaona awiri akuyang'anizana mwamantha. Kuimitsa nyimbo kukanakhala manyazi, kupitiriza kunali kuwapereka. Ndinayang'ana mayi a sopulano aja amene ankanditsutsa. Iwo anatseka buku, n'kukoka mpweya, n'kukwera okha bwinobwino, enawo n'kuwatsatira pambuyo. Mu mpingo palibe amene anadziwa kuti pachitika kanthu.

Nyimbo ya bambo inali yomaliza. Titafika pa kolasi kachiwiri, ndinamva mawu akuchokera kumbuyo kwanga. Amalawi aja anali ataigwira kale, ndipo amayi ena anayamba kuwomba m'manja motsitsa. Asikoti anatembenuka kuwayang'ana, kenako ena anayamba kuwomba nawo, makandulo atawaika pabenchi. Abusa anachita kudikira kuti phokoso lithe asanapereke mdalitso.

Mu holo, pa nthawi ya tiyi, ndinapita kwa mayi a sopulano.

"Mwandipulumutsa lero, mayi."

"Munatiyambitsa pamwamba," anatero akuthira mkaka m'kapu. "Koma sitinagwe."

Chikhakha chinachotsedwa mu Januwale, ndipo limba linayambanso kulira. Ine ndinabwerera pamalo panga pa aluto popanda kudandaula, chifukwa kuimba ndimakukonda kuposa kuimirira kutsogolo. Koma kwaya inagwirizana kuti Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse pazikhala nyimbo imodzi yopanda limba, ndipo imeneyo ndimatsogolera ndine mpaka lero. Amalawi awiri mwa amene anabwera tsiku lija analowa kwaya, mmodzi wa tena wamphamvu, namwino wa ku Mzimba. Iyeyo anafika ndi kope lodzaza nyimbo za Chitumbuka, ndipo tisanafike Isitala tinali titaphunzira ziwiri.